Kukonza maposita ndi mauthenga a kampeni yolimbana ndi kolera m'dera lanu

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo ya anamondwe Ana ndi Gombe, unafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira, ndipo Malawi anali asanaonepo mliri wa kolera wopha anthu chotero. Pamene mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, ankakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona mu mzinda wa Lilongwe mu Febuluwale 2023, panalibe munthu wamkulu amene anali asanamve za matendawa. Sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinali zitachedwa kutsegulira mu Januwale chifukwa cha kolera yomweyi, maliro anali paliponse.

Choncho posita yongoti "Kolera ndi yoopsa, tiyeni tiipewe" ikuuza anthu zimene akudziwa kale. Chimene chimasowa n'chakuti munthu aone chinthu chimodzi choti achite lero, ndi zimene ali nazo pakhomo, ndipo akhulupirire kuti chimuthandiza. Malangizo awa ndi a makalabu a achinyamata, makomiti a zaumoyo m'midzi, magulu a kumpingo ndi kumzikiti, aphunzitsi ndi timabungwe tating'ono timene tilibe ndalama zolembera akatswiri. Ndatenga kolera ngati chitsanzo, koma njira yake ndi yomweyo kaya kampeni yanu ndi ya maneti, ya katemera kapena ya maukwati a ana.

1. Sankhani chochita chimodzi

Musanatsegule kompyuta kapena kuitana wojambula, khalani pansi monga gulu, mulembe zonse zimene mukufuna kuti anthu azichita. Pa kolera mndandanda wake umatalika: kuthira kolorini m'madzi akumwa, kusamba m'manja ndi sopo, kukumba chimbudzi ndi kuvindikira pabowo pake, kudya chakudya chikadali chotentha, kulandira katemera wakumwa, kuthamangira kuchipatala, kusasambitsa thupi la womwalira ndi kolera. Zonsezi n'zofunika. Koma posita imodzi inyamule chimodzi. Ngati ndalama zilipo za maposita atatu, sankhani zitatu, chilichonse papepala lake.

Posankha, dzifunseni mafunso awiri. Ndi chiti chimene chingapulumutse anthu ambiri kwanuko? Ndi chiti chimene munthu angayambe mawa osadikira mabungwe? Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndiye angakuthandizeni pa funso loyamba, chifukwa amadziwa midzi imene odwala akuchokera ndi momwe akufikira kuchipatala.

M'malangizo ano titenga kufulumira kupita kuchipatala. Chifukwa chake n'choti pa mliri uja, mwa odwala 100 alionse pafupifupi atatu ankamwalira, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chithandizo chikapezeka msanga, omwalira sayenera kufika ngakhale mmodzi pa 100. Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo ikhoza kutenga munthu wamphamvu zake pa maola ochepa chabe. Amene wayamba kutsegula m'mimba madzulo n'kunena kuti aona kukacha, nthawi zina sakuona kuchako.

2. Dziwani amene mukulankhula naye, kenaka pitani mukamumve

"Anthu onse a m'boma lino" si munthu. Mayi wotunga madzi pamjigo, mnyamata wa kabaza amene amadya pachiwaya masana, msodzi wogona padoko miyezi iwiri, ndi gogo woyang'anira zophika pamaliro, aliyense ali ndi zake zomulepheretsa, ndipo amapezeka malo osiyana. Pa mliri wa 2022 ndi 2023 amuna odwala anachuluka kuposa akazi, komabe mauthenga ambiri a zaumoyo timawamata kusikelo ya ana, kumene abambo safikako kawirikawiri. Tiyerekeze kuti ife tasankha asodzi ndi ogula nsomba a padoko lina ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay.

Apa ndiye pamene magulu ambiri amadumpha, pomwe ndi pamene pagona ntchito yonse. Safunsa anadya phula. Tumizani anthu awiri awiri akacheze ndi amene mwawasankhawo, anthu khumi kapena khumi ndi asanu akwana. Musapite ndi mafomu aatali kapena mutavala matisheti a bungwe, chifukwa mudzangoyankhidwa zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Khalani nawo pamene akusoka maukonde kapena akusewera bawo, mufunse motere:

Munthu akatsegula m'mimba kuno amayamba ndi chiyani?
Amauza ndani poyamba?
N'chiyani chimene chimachititsa ena kudikira mpaka mawa?
Amene anapitako kuchipatala anabwerako ndi nkhani yotani?
Pa nkhani za matenda, mawu a ndani amene mumawakhulupirira?

Musawakonze akamayankha, ngakhale anene zimene mukudziwa kuti si zoona. Lembani mawu awo enieni, momwe awatchulira. Mwina mudzamva za manyazi, kuti mwamuna wamkulu sanganene pagulu kuti akutsegula m'mimba. Mwina ndi ndalama ya kabaza, mwina kuopa kutaya tsiku la usodzi pamene usipa ukugwidwa. Ena amayamba agula kaye mapiritsi kugolosale, ena mpingo wawo umawaletsa mankhwala. Ena amaopa tenti ya odwala kolera chifukwa anamva kuti wolowamo satuluka, ndipo akamwalira abale saloledwa kuika maliro mwamwambo. Chilichonse mwa izi chimafuna uthenga wakewake. Ngati chopinga chachikulu ndi manyazi, posita yofotokoza za tizilombo toyambitsa kolera siithandiza kanthu.

Mukabwerako, lembani chiganizo chimodzi chimene gulu lonse ligwirizane nacho, mwachitsanzo: "Tikufuna kuti asodzi a padoko lathu, akangoyamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, ayambe kumwa ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi) ndi kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chimene chimawachedwetsa kwambiri ndi manyazi ndi kudikira kuti mwina zisiya zokha." Chiganizochi sichipita pa posita. Ndi muyeso wanu: mawu kapena chithunzi chilichonse chosagwirizana nacho chichotsedwe, ngakhale chikongole bwanji.

3. Tsimikizani kuti chimene mukulonjeza chilipo

Musanalembe kuti "Kalandireni kolorini kwa mlangizi wa zaumoyo", mufunseni mlangiziyo ngati ali naye, ndiponso tsiku ndi malo amene amagawira. Musanalembe kuti "Pitani kuchipatala ngakhale usiku", kaoneni ngati chipatalacho chimalandiradi odwala usiku. Ngati mukuika nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, iimbeni nokha kaye kuchokera padokopo, muone ngati ikulowa. Munthu akayenda mtunda chifukwa cha posita yanu n'kukabwerera chimanjamanja, posita yanu yachiwiri sadzaiwerenga, ndipo adzauzanso anzake.

4. Lembani mawu

Lembani m'chilankhulo cha kumaloko kuyambira pachiyambi. Mukayamba ndi Chingerezi n'kumasulira, mawu amatuluka olemera ngati a m'kalata ya ku ofesi, komanso samakwana pamalo amene munawasiyira, poti mawu a Chichewa ndi aatali. Ku Mangochi ndi ku Machinga ganizirani Chiyao, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Rumphi ndi ku Mzimba Chitumbuka, ku Nsanje Chisena. Wolemba akhale mwini chilankhulo, ndipo wina amene sanaone nawo zokambirana zanu awerenge. Ngati ntchito ndi yaikulu ndipo mukufuna kalembedwe kovomerezeka, ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi.

Posita ikhale ndi zigawo zitatu zokha za mawu. Mutu, umene ukoke maso ndipo ukhudze chopinga chija. Chochita, m'mawu olamula osazungulira. Kenaka kumene thandizo lili. Yerekezani awiriwa:

"Tiyeni tonse tigwirane manja potengapo gawo pa ntchito yothana ndi mliri wa kolera m'dera lathu lino."

"Mwatsegula m'mimba? Musadikire kuche. Imwani ORS, pitani kuchipatala tsopano."

Woyambayo amamveka bwino pa msonkhano wa akuluakulu a boma, koma msodzi akawerenga sadziwa choti achite ndi manja agwiranawo. Wachiwiri akumuuza nthawi, chakumwa ndi kolowera. Mawu monga "kutengapo gawo", "kulimbikitsa", "kuonetsetsa" ndi "ukhondo ndi wofunika" muwasiyire malipoti.

Lankhulani ndi ulemu wa "inu". "Iwe" amagwira ntchito pa uthenga wa achinyamata okhaokha, wolankhula akakhala mnzawo, koma pa khoma la pamsika pamadutsa apongozi ndi mafumu.

Za mantha ndinenepo pang'ono, chifukwa magulu ambiri amathamangira chithunzi cha bokosi la maliro. Mantha amadzutsa munthu, koma akakhala opanda njira yothawira, munthu amangotembenuza nkhope kapena kunena kuti zonse ndi Mulungu. Mukatchula imfa, chiganizo chotsatira chipereke chochita chimene munthuyo angathe, ndipo chinene zoona zake zakuti ambiri ofika msanga kuchipatala amachira. Pa anthu amene amaopa tenti ya odwala, mawu a munthu wa m'mudzi momwemo amene analowamo n'kutuluka ali bwino amaposa chiwerengero chilichonse cha omwalira.

Pewaninso kunyoza. "Siyani uve" amamveka ngati mwini posita ndi waukhondo ndipo owerenga ndi auve, pamene ambiri vuto lawo ndi mjigo wakufa kapena dothi lamchenga limene chimbudzi chimangogumuka. Ndipo musalengeze kuti khalidwe loipalo ndi la aliyense. Mukalemba kuti "anthu ambiri kuno amadzithandizira m'nyanja", wowerenga amamva kuti ndiye chizolowezi chake, palibe chachilendo. Ngati n'zoona kuti mabanja ambiri a m'mudzimo ali ndi mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, nenani zimenezo, otsalawo adzione kuti atsalira.

Miyeso ya mankhwala musailembe za m'mutu. Paketi imodzi ya Thanzi ORS imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo zotsala zikatha maola 24 zimatayidwa. Popeza si nyumba zonse zili ndi choyezera lita, onetsani mabotolo awiri a theka la lita amene anthu amawadziwa. Pa kolorini kapena WaterGuard, koperani zimene zalembedwa pabotolo kapena zimene a zaumoyo akupatsani, kuphatikizapo kudikira mphindi 30 madzi asanamwedwe, chifukwa mphamvu ya mankhwalawa imasiyana malinga ndi momwe asungunulidwira.

5. Chithunzi

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Onjezanipo okalamba amene maso anafooka, ndi onse odutsa pa njinga amene alibe nthawi yoima. Kwa anthu amenewa chithunzi ndiye uthenga wonse. Phimbani mawu ndi dzanja: ngati chotsalacho sichikunena kanthu, chithunzicho n'chokongoletsa chabe.

Onetsani munthu akuchita chinthu choyenera. Pa chitsanzo chathu, mwamuna wakwezedwa pa njinga, botolo la ORS lili kukamwa, mnzake akupalasa, chipatala chikuoneka kutsogolo. Chithunzi cha khalidwe loipa chokhala ndi mtanda wofiira pamwamba n'chovuta, chifukwa si onse amene amadziwa kuti mtandawo ukutanthauza kuletsa. Ena amaona ngati chizindikiro cha chipatala kapena cha tchalitchi, ena saupenya n'komwe.

Zimene ojambula ophunzira amaziona ngati zachidziwikire, kumudzi zimawerengedwa momwe zilili. Ntchentche yokulitsidwa kufika msinkhu wa nkhuku imachititsa anthu kunena kuti zoterezi kwathu kulibe. Manja okhaokha opanda thupi amadabwitsa. Kamtambo kosonyeza maganizo pamwamba pa mutu, mivi yoloza uku ndi uku, tizilombo tojambulidwa ndi maso ndi mano, zonsezi zimafuna munthu wozolowera mabuku a zithunzi. Jambulani munthu wathunthu, pamalo odziwika, ndi ziwiya zimene zili m'nyumba za kumeneko: chigubu chachikasu, ndowa, chitenje, bwato. Mpopi wonyezimira wa m'bafa la matailosi umauza mayi wa kumudzi kuti uthengawu ndi wa anthu a ku Area 47.

Mukafuna kugwiritsa ntchito chithunzi cha munthu weniweni, mufotokozereni kumene chikamatidwe ndi nthawi yake, avomere polemba kapena podinda chala. Mwana amuvomereze kholo. Wodwala ali pabedi la kolera musamujambule, ngakhale abale atalola. Ndipo dziwani kuti nkhope yodziwika m'mudzi imabwera ndi mbiri yake: ngati munthuyo ali pa mkangano wa malo ndi theka la mudzi, posita yanu yalowa nawo mkanganowo. N'chifukwa chake zojambula pamanja nthawi zambiri zimaposa za kamera.

6. Yalani posita

Kaya mukugwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zithunzi ya Canva pafoni, kaya wojambula zikwangwani wa pa tauni, malamulo ake ndi ochepa. Chithunzi chimodzi chachikulu chitenge theka la pepala kapena kuposa. Mutu ukhale wa zilembo zazikulu zonenepa, zopanda zokhotakhota. Mitundu ya zilembo isapose iwiri. Mawu akuda pa choyera kapena pa chikasu amaoneka patali. Ofiira pa chobiriwira, kapena mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi, amasowa. Chiganizo chonse cha zilembo zikuluzikulu chimavuta kuwerenga kwa amene anasiyira sukulu ku pulayimale, choncho zisungireni liwu limodzi kapena awiri. Siyani malo opanda kanthu, musadzaze ngodya iliyonse.

Zizindikiro za mabungwe othandiza ziikeni pansi, zing'onozing'ono. Pamakhala kukokana pa nkhani imeneyi, poti aliyense wopereka ndalama amafuna chake chioneke, koma mzere wa zizindikiro zisanu ndi zitatu sunatumizepo munthu kuchipatala. Chimene chimathandiza ndi chizindikiro cha Unduna wa Zaumoyo, ngati mwaloledwa kuchigwiritsa ntchito, chifukwa chimauza anthu kuti uthengawu si wa munthu wamba.

Sindikizani imodzi pa A3, muimate pakhoma panja, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi. Ngati mutu sukuwerengeka, kulitsani zilembo kapena chepetsani mawu. Ichititseninso fotokope yakuda ndi yoyera, chifukwa ndi momwe idzachulukitsidwire ndalama zikadzatha.

7. Uthenga womwewo m'makutu

Pepala lokha silikwanira. Wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Nkhotakota Community Radio kapena Mudzi Wathu ku Mchinji zimalankhula ndi anthu m'chilankhulo chawo, ndipo mitengo yake siifanana ndi ya MBC kapena Zodiak. Uthenga wa pawailesi usapitirire mphindi imodzi. Uwerengeni mokweza muli ndi wotchi, ndipo chochita chija chimveke kawiri. Kukambirana kwa anthu awiri kumagwira khutu kuposa kulengeza. Nachi chitsanzo cholimbana ndi manyazi aja:

Woyamba: Achimwene, bwanji lero simunalowe m'madzi?
Wachiwiri: Aa, m'mimbamu mwandivuta usiku. Musauze anthu. Ndiona mawa.
Woyamba: Mwapita kangati kuseri?
Wachiwiri: Kanayi. Ndi madzi okhaokha.
Woyamba: Ndiye mukuti mawa? Mbewa yamanyazi inafera kuuna, achimwene. Imwani Thanzi uyu, kwerani njinga tizipita.
Mlangizi: Mukatsegula m'mimba mwamadzimadzi, musadikire kuche. Yambani kumwa ORS, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ofika msanga amachira.

Mwambi ukukhala bwino apa chifukwa uli m'kamwa mwa mnzake ndipo chochita chikutsatira pompo. Pa posita, mwambi wokha umasiya aliyense akumasulira zake.

Mawu omwewa apatseni wa chimkuzamawu pa tsiku la msika, olembedwa papepala kuti asawonjezere zake. Apatseni a mfumu, abusa ndi mashehe, mizere itatu yokha yoti anene pa msonkhano, Lamulungu kapena Lachisanu. Pamaliro pamasonkhana anthu ambiri kuposa msonkhano uliwonse umene mungaitanitse, ndipo mwambo wake umapereka kale mpata wa zolengeza. Pemphani a mfumu ndiwo alankhule, inu musaimirire nokha. Ngati muli ndi gulu la zisudzo, sewero liime pamene wodwala akukana kupita kuchipatala, oonerera afunsidwe kuti iwo akanatani. Anthu amagwira kwambiri yankho limene alitchula okha.

Pa WhatsApp ndi Facebook, musangotumiza posita ija momwe ilili, chifukwa pafoni yaing'ono mawu apansi saoneka. Konzani ina ya chithunzi ndi mutu basi, yopepuka kuti isadye bandulo. Uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi, wonenedwa ndi namwino kapena mlangizi amene anthu amamudziwa, umayenda kutali kuposa kanema wolemera. Ayambe ndi kutchula udindo wake, dera ndi mwezi, kuti uthengawo ukamadzazungulirabe chaka chamawa anthu adzadziwe kuti ndi wakale.

8. Yesani musanasindikize zambiri

Gawo ili limatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi limene limapulumutsa ndalama zanu. Tengani maposita awiri osiyana, mubwerere kwa anthu a mtundu umene munasankha, koma osati omwe aja munacheza nawo poyamba, ndiponso osati a m'komiti yanu kapena abale anu. Onetsani munthu mmodzi mmodzi, chifukwa pagulu onse amatsatira yankho la wamkulu. Wofunsa asakhale amene anajambula, ndipo anene poyamba kuti, "Si ine ndapanga, mukhoza kunena chilichonse."

Muonetseni kwa kanthawi kochepa, monga momwe angaonere akudutsa, kenaka tembenuzani pepala mufunse kuti waona chiyani. Mukatero mupatseni aiyang'ane bwinobwino, mupitirize: Kodi apa pakuchitika chiyani? Anthu awa ndi akuti? Pepalali likukupemphani kuti muchite chiyani? Mungathe kuchita zimenezo? Pali mawu achilendo, kapena chimene chingakhumudwitse wina kuno?

Funso loti "Kodi ndi yabwino?" musalifunse. Amalawi ndife aulemu, aliyense adzati ndi yabwino kwambiri.

Chovuta kwambiri ndi kukhala chete. Munthu akati mwamuna wa pa njingayo waledzera ndipo akumwa kachasu, mtima umafuna kufotokoza kuti ayi, ndi ORS. Musafotokoze. Pakhoma la pamsika simudzakhalapo kuti muzimasulira. Lembani, muthokoze, mupite kwa wina. Anthu atatu mwa khumi akasokonezeka pa chinthu chimodzi, vuto ndi la chithunzi: mwina pafunika paketi ya ORS ioneke m'dzanja la mnzakeyo, mwina botolo lisinthidwe. Konzani, muyesenso kwa anthu ena atsopano. Uthenga wa pawailesi uyeseni chimodzimodzi, pouseweretsa pafoni kamodzi kokha n'kufunsa zimene munthu wagwirapo.

9. Chilolezo, kusindikiza ndi kumata

Uthenga wa zaumoyo usanatuluke, upititseni ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kwa amene amayang'anira zophunzitsa anthu. Adzaona ngati ukugwirizana ndi zimene Unduna ukunena panthawiyo, ndipo mwina ali kale ndi zithunzi zovomerezeka zimene mungagwiritse ntchito ulere. Malangizo amasintha: mu Okutobala 2022, chifukwa cha kuchepa kwa katemera wa kolera padziko lonse, mabungwe ogawa katemerayu anaganiza zoti anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Posita yolembedwa mwezi umodzi m'mbuyo mwake ikanasokoneza anthu. M'mudzi yambani mwaonana ndi a mfumu. M'tauni funsani kukhonsolo za malo ololedwa kumata.

Kosindikiza, pemphani akuonetseni pepala limodzi kaye, muwerenge liwu lililonse ndi nambala iliyonse. Inki ya makina a mu ofesi imasungunuka ndi mvula yoyamba, ndipo mtundu wofiira ndiwo umayamba kufwifwa padzuwa. Kolera imakonda nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, choncho maposita 50 okutidwa ndi pulasitiki amaposa 500 a pepala wamba. Pamene pali khoma labwino ndipo mwini wake walola, kulemba ndi penti kumakhala zaka.

Matani pamene munthu amapangira chosankha, pa msinkhu wa maso. Uthenga wa kolorini ukhale pamjigo ndi pa kiyosiki ya madzi. Wa kusamba m'manja ukhale pakhomo la chimbudzi ndi pamalo odyera. Wathu wa asodzi ukhale padoko, m'malo oonetsera mpira, pa siteji ya kabaza, ndi pagolosale pamene anthu amagula mapiritsi a m'mimba. Mwini golosaleyo muchezeni bwino, chifukwa ndiye woyamba kudziwa amene akudwala. Timapepala togawa m'manja tiperekeni pamodzi ndi mawu apakamwa. Tongomwaza pamsika timathera kukulunga mandasi.

10. Bwererani mukaone

Kuchuluka kwa maposita amene mwamata si chipambano, ngakhale kuti ndi zimene malipoti amakonda. Pakatha milungu iwiri yendani m'malo monse muja. Onani amene ang'ambidwa kapena kumatidwa pamwamba ndi zotsatsa za asing'anga, mufunse anthu ochepa zimene akukumbukira. Funsani a kuchipatala ngati odwala ochokera kudera lanu akufika akuyenda okha kapena atanyamulidwa ali lefu, ndiponso ngati akumafika atayamba kale kumwa ORS. Mukanayamba mwafunsa zomwezi kampeni isanayambe, muli ndi poyerekezera.

Tcherani khutu ku mphekesera. Pa mliri uja panamveka zoti achipatala ndiwo akufalitsa matendawa, ndipo m'malo ena anthu anafika pophwanya zipatala. Mphekesera yotere musaiyankhe poisindikiza pa posita ndi mawu oti "bodza" pamwamba, chifukwa mukatero mwaifikitsa kwa amene anali asanaimve. Pitani nayo kwa a mfumu ndi a zaumoyo, pakhale msonkhano umene anthu afunse mafunso awo onse, ochira alankhule, ndipo a chipatala afotokoze poyera chimene chimachitika m'tenti muja ndi chifukwa chake maliro a kolera amaikidwa mosiyana. Mafunso amene abwerezedwe pa msonkhanowo alembeni, ndiwo mutu wa uthenga wanu wachiwiri.

Nambala ya foni, tsiku logawa kolorini kapena malo a chithandizo zikasintha, kamatuleni maposita akale tsiku lomwelo. Mafayilo onse, pamodzi ndi zimene anthu ananena poyesa paja, asungeni pa imelo ya gulu osati pafoni ya munthu mmodzi, ndipo muwatsegulenso mu Seputembala kuti zosindikiza zikhale zili pakhoma mvula isanagwe.